Tizala wa Pansi pa Masitepe

Dzina lake lenileni anthu ambiri m'tauni sankalidziwa. Onse ankangomutchula kuti Tizala, chifukwa zala zake zinali zowonda ndi zazitali, zotha kufika pamene sikuludiraiva yakanika. Dzinali anam'patsa ndi malemu bambo ake, amene ankakonza mawailesi pansi pa masitepe a nyumba ina yosanja ya mashopu. Kabawuti kakagwera mkati mwa wailesi, bambowo sankavutika n'kuigwedeza. Ankangoitana kuti, "Iwe, tabwera nato tizala takoto." Mwana wawo wamkaziyo ankapisa dzanja n'kukatulutsa, makasitomala n'kuseka.

Bambowo atamwalira, malo aja anawatenga ndi mchimwene wake wamkulu. Mawailesi anasiya kubwera, kunadzaza mafoni ndi makompyuta. Mchimweneyo anali munthu wapakamwa, wodziwa kugulitsa. Anaika kauntala yagalasi kutsogolo, kumene denga linali lalitali, n'kudzazamo matchaja ndi tizikwama ta mafoni. Tebulo la Tizala analikankhira kumbuyo, kumene masitepe amatsika mpaka kukakumana ndi pansi. Kumeneko munthu sakanatha kuimirira. Tizala ankalowako chowerama, n'kukhala pa kampando kopanda chotsamira, ndipo tsiku lonse anthu ankaponda pamwamba pa mutu wake, okwera ndi otsika. Ankawazindikira pongomva mapondedwe. Telala wa pamwamba ankakoka phazi limodzi, atsikana a ku saluni ankathamanga ndi nsapato zawo gogogo. Zenera kunalibe. Kamphepo kankachokera ku fani imene iye anaichotsa mu kompyuta yakufa n'kuimangirira pa msomali ndi waya.

Zaka zinadutsa iye ali momwemo. Anzake a kusukulu ena anakwatiwa, ena anapita ku mizinda ina. Panali mwamuna wina, woyendetsa galimoto ya kampani ya mankhwala, amene anamufunsira mwaulemu wonse n'kudikira ndithu. Koma chaka chomwecho amayi ake a Tizala anagwa m'bafa ndi sitiroko. Mbali yakumanja inafa, ndipo mawu ankatuluka olemera, odukaduka. Mchimwene uja anawatengera amayiwo kunyumba kwake, anthu n'kumamutama kuti ndiye mwana wodziwa kusamala kholo. Koma amene anasamukira m'chipinda cha amayiwo, n'kuyala matiresi pansi m'mbali mwa bedi, anali Tizala. Woyendetsa galimoto uja anadzakwatira wina, ndipo Tizala sanamusungire chakukhosi.

M'mawa ankawasambitsa amayi ake, kuwadzoza mafuta, kuwamwetsa phala ndi kuwakhazika pa mpando pafupi ndi khomo, kenako n'kuthamangira ku shopu. Masana amayiwo ankatsala ndi mlamu wake, mkazi wa mchimwene uja, amene anali ndi ana ake oti awaone komanso makina osokera pabalaza. Tizala akaweruka, mlamuyo ankamuchingamira pakhomo ndi mawu omwewomwewo.

"Mwabwera, alamu? Akudikirani kalekale. Ine lero andikanira zonse."

Ankanena zimenezi akumasula epuloni, ngati munthu amene nthawi yake ya ntchito yatha.

Tsiku lina m'nyengo yotentha, ku shopu kunabwera mayi wina wovala nsapato zolimba za anthu omanga nyumba, buluku lake lili mbuu ndi fumbi. Ankajambula mapulani ku kampani ina ya zomangamanga, ndipo ntchito inkamusamutsa kuchoka pa sayiti ina, malo amene akumangapo, kupita pa ina. Anafotokoza kuti laputopu yake imafooka ikatsegula mapulani akuluakulu, pamene kompyuta ya mu ofesi ndi chimphona chosatheka kuyenda nacho. Ankafuna kompyuta yamphamvu ngati ya mu ofesiyo, koma yaing'ono. Anavula chikwama chake chakumsana n'kuchiika pa kauntala.

"Ilowe umu, zipi n'kutsekeka. Kulikonse kumene ndapita akungondiuza kuti ndigule laputopu ina."

"Madamu, mwafika pamalo pake," anatero mchimwene uja. "Zimenezo ife timapanga tsiku ndi tsiku."

Chikhalirecho anali asanapangepo ngakhale imodzi. Anawerama n'kukuwira cha kumbuyo. "Tizala, tatuluka uone ntchito iyi!"

Tizala anatuluka, n'kuwongoka pang'onopang'ono msana ukulira. Timakompyuta totere ankationa pa intaneti, ndipo ankatisirira mumtima osauza munthu. Anayeza chikwamacho mkati ndi tepi, nafunsa mayiyo mapulogalamu amene amagwiritsa ntchito ndiponso kukula kwa mapulani ake. Mayiyo poyankha ankayang'ana iyeyo, osati mchimwene wake.

"Ikagwira bwino ntchito tidzakambirana zina," anatero mayiyo akunyamula chikwama chake. "Kampani yathu ilibe munthu woyang'anira makompyuta a m'masayiti. Ikafa imodzi timangoyang'anana."

Mchimwene uja anaseka ngati wamva nthabwala. Tizala sanaseke. Anabwerera kumbuyo kuja mawuwo akumulira m'makutu.

Aka kanali koyamba kuti mchimwene wake amusiyire kusankha yekha zipangizo, poti mwiniwakeyo zinamukulira. Kompyuta yaikulu siivuta. Malo ndi ambiri, umangogula zimene wafuna n'kumangiriramo, mpweya umadzipezera wokha njira. Yaing'ono siilola zimenezo. Chilichonse umayenera kuchiyeza usanagule, ndipo ukakulitsa china, china chichepe. Tizala anasankha bokosi lachitsulo losaposa bokosi la nsapato, lokhala ndi timabowo m'mbali zonse. Anasankha bolodi laling'ono, lija zonse zimalumikizidwapo, ndi kabokosi ka magetsi kakang'ono komwe. Kenako anafika pa khadi la zithunzi, limene limasenza ntchito yonse yojambula mapulani. Kutalika kwa khadilo anakuyerekeza ndi kwa bokosi mobwerezabwereza, ndipo nthawi zonse pankatsala mpata wa chala chimodzi.

Chimene chinamuzunguza mutu ndi choziziritsira purosesa. Purosesa, ubongo wa kompyuta, ndi kachitsulo kakang'ono, koma ikapanikizika ndi ntchito imatentha moti n'kukuwotcha dzanja. Panali zoziziritsira zamadzi, zokhala ndi mapaipi ndi rediyeta ngati ya galimoto. Zimenezo zimaziziritsa bwino, koma rediyetayo ikanalanda malo a khadi, komanso Tizala sanafune madzi mkati mwa chinthu chimene chizidzagwedezeka m'galimoto m'misewu yamabampu. Panalinso zazitali ngati nsanja, zimene zikanatulukira pamwamba pa bokosi. Anatsala ndi chimodzi chachifupi, chophwatalala, cha fani imodzi pamwamba. Ankadziwa kuti n'chofooka poyerekeza ndi zinazo, koma n'chokhacho chikanalowa.

Katundu atafika, anasesa tebulo lake n'kuyalapo nsalu yoyera. Vuto loyamba linali ramu, timapale tiwiri towonda timene kompyuta imasungamo zimene ikugwira pa nthawiyo. Timene anaitanitsa tinabwera ndi zitsulo zokongoletsa pamwamba, ndipo zitsulozo zinkagunda m'mphepete mwa choziziritsira. Anatembenuza choziziritsiracho kuloza mbali ina, chinakagunda zina. Pomaliza anakwera ku saluni kukabwereka chowumitsira tsitsi.

"Kodi aTizala mwayamba kukonza mitu?" anafunsa mwini saluni.

"Ayi, ndikufuna kumeta kompyuta."

Anatenthetsa timapaleto pang'ono kuti guluu afewe, n'kusenda zitsulozo mtima uli m'mwamba, poti kungophonya pang'ono akanathyola kanthu. Tinasendeka bwino, ndipo tinalowa.

Mawaya a magetsi anali olimba ngati mizu. Ankawapinda mmodzimmodzi, kuwadutsitsa kuseri kwa bolodi, n'kuwamanga kuti asakhudze fani. Pamenepa m'pamene zala zija zinagwira ntchito yake. Zinkalowa m'timipata timene diso silinkaonamo, n'kutuluka zitakalika ndi m'mphepete mwa chitsulo. Madzulo posambitsa amayi ake, sopo ankamuluma m'mabalamo.

Khadi linalowa bwinobwino m'litali monga anayezera. Koma atalumikiza waya wake wa magetsi, anaona chimene anaiwala. Wayayo amalowera cha m'mbali mwa khadi, ndipo mutu wake unatulukira kunja kwa bokosi pang'ono chabe, ngati utali wa chikhadabo. Chivindikiro chinakana kutseka. Akachikanikiza chinkabwerera. Tizala anangochiyang'ana, manja ali pa mawondo, anthu akupondabe pamwamba pake.

Mchimwene wake anasuzumira. "Zikuyenda?"

"Sichikutseka."

"Kanikiza ndi mphamvu, umange timabawuti. Madamuwo adzaona mkati ngati?"

"Waya akapindikira pamenepa adzatentha, achimwene. Akhoza kusungunuka."

"Nanga masiku onsewa umayeza chiyani? Ine ndinanena kuti ntchito iyi ndi yovuta."

"Simunanene."

"Ndinanena mumtima," anatero akubwerera pa kauntala.

Panafunika kachipangizo kopinda ngati chigongono, koti mutu wa wayawo ugone m'malo moima. M'tauni monse munalibe. Anakaitanitsa kutali, n'kuyamba kudikira. Mayi wa mapulani ataimba foni kufunsa, mchimwene uja ankamukodola Tizala kuti anene kuti katundu wachedwa panjira. Koma iye anangonena zoona.

"Madamu, ndinayeza khadi koma ndinaiwala mutu wa waya. Mundipirire pang'ono."

Mayiyo anaseka. "Ifenso timajambula chitseko n'kuiwala kuti chimafuna malo otsegukira. Ndidikira."

Kachipangizo kaja katafika, chivindikiro chinatseka, ngakhale kuti pakati pake ndi waya sipakanadutsa pepala. Pansi pa bokosi anamangirirapo mafani awiri owonda oti azikokera mpweya mkati, ndi kasefa koletsa fumbi. Anayatsa kompyutayo n'kuipatsa ntchito yolemera masana onse, khutu lili pafupi. Inkatentha ndithu, koma inapirira. Mayi uja atabwera anailowetsa m'chikwama, zipi inatsekeka, ndipo anamugwira Tizala dzanja nthawi yaitali asanapite.

Patapita milungu ingapo foni inalira.

"Tizala, ikuzima. Ndikatsegula pulani yaikulu mafani amalira ngati ndege, kenako imayamba kukoka miyendo, kenako zii. Mawa ndikutumizira galimoto, udzaone wekha."

Nkhaniyi kunyumba sinalandiridwe bwino.

"Tsiku lonse?" anafunsa mlamu wake. "Nanga kuwasambitsa?"

"Ndiwasambitsa ndisanapite."

"Nanga akafuna kuchimbudzi? Mukakhala ku shopu ndimatha kukuitanani, poti mukudziwa kuti ine ndekha sindingawanyamule."

"Ameneyu ndi kasitomala wamkulu, apite basi," anadula nkhani mchimwene uja, maso ali pa foni.

M'mawa mwake Tizala anakwera kutsogolo kwa galimoto ya kampani. Atadutsa mashopu omaliza ndi malo omwetsera mafuta, anazindikira kuti chiyambire matenda a amayi ake sanafikepo mpaka kumeneko. Anatsitsa galasi. Kunali minda, mapolo a magetsi otsatana mpaka kutali, ndi mapiri amene anali ataiwala kuti aliko. Dalaivala anayesa kumuchezetsa, koma ataona kuti akungoyankha kuti "eya," anamusiya ayang'ane panja.

Pa sayitipo ankamanga nyumba zazikulu zosungiramo katundu. Ofesi ya mayi wa mapulani inali kontena yachitsulo imene inaima padzuwa popanda mtengo pafupi. Tizala atangolowamo thukuta linayamba kuyenderera. Anayang'ana pa tebulo, kompyuta panalibe.

"Ili kuti?"

Mayiyo anatulutsa kiyi n'kutsegula kabati yamatabwa pansi pa tebulo. Kabokosi kaja kanali mmenemo, pakona, mawaya ake atatulukira pa kabowo kamodzi kumbuyo. Tizala anapisa dzanja m'kabatimo, muli ngati mu uvuni. Anatembenuza kabokosiko, kasefa kaja katatsekeka ndi fumbi la simenti.

"Madamu, kompyutayi ikupuma mpweya wake womwe. Wotentha umene yatulutsa ulibe kolowera, ndiye ikuukokanso. Tiitulutse, ikhale pa tebulo."

"Ndikaiika pa tebulo mawa ndiipeza kulibe. Muno mumalowa anthu ambiri, ndipo kaja n'kongopanira kukhwapa. M'kabatimo isachoke."

Tizala anaganiza pang'ono, kenako anapempha kuti amuitanire kalipentala wa pa sayitipo. Anabwera bambo wina wamtali, pensulo ili kukhutu. Atamva zoti aboole chitseko cha kabati n'kuikapo sefa wa waya, ndiponso aboole kumbuyo cha m'mwamba, anagwira m'chiuno.

"Achemwali, kabati yabwinobwinoyi tiiwononge chifukwa cha kabokosi aka? Kamadya chiyani kuti kazitentha thupi chonchi?"

"Kamadya mapulani anu omwewa, bambo."

"Ndiye n'chifukwa chake. Nafenso amatitenthetsa mitu."

Anaboola ndithu, mwaluso. Pa bowo la kumbuyo Tizala anamangirirapo fani yaikulu imene anabwera nayo, kuti izikokera mpweya wotentha kunja kwa kabati. Anatsuka kasefa kaja n'kukabwezera. Mayi wa mapulani anafunsa ngati sikukanakhala bwino kungokachotseratu.

"Mukakachotsa mpweya uzilowa wambiri, koma simenti yonse izikathera mkati. Kakhale, koma muzikapukuta ndi kabulashi kumapeto kwa mlungu uliwonse."

Anaiyatsa. Inachita bwinoko, koma masana dzuwa litafika pamutu mafani anayambanso kukuwa. Choziziritsira chachifupi chija chinali chitafika pamapeto a mphamvu zake, ndipo chachikulu chinalibe polowa. Tizala analowa m'makonzedwe a kompyutayo n'kuchepetsa magetsi opita ku purosesa ndi ku khadi, pang'onopang'ono, akuyesa n'kuyesanso.

"Liwiro mutayako pang'ono," anafotokoza. "Pulani imene imatha musanamalize tiyi, izitha mutamaliza. Koma siizimanso."

"Bola isazime."

Tsiku lonselo Tizala anagwira ntchito ataimirira, akutuluka ndi kulowa mmene wafunira. Nthawi ya chakudya anakhala ndi omanga pamthunzi wa khoma latsopano, akumvetsera akuseka nkhani za kapitawo wawo. Asanamalize kudya foni inanjenjemera m'thumba. Anali mlamu wake.

"Alamu, akukana kudya. Atembenukira kukhoma, akungotchula inu."

"Aikeni foni pakhutu."

Anamva kupuma kolemera kuja.

"Amayi, ndine. Idyani, ndikubwera madzulo ano. Mwamva, amayi? Idyaniko pang'ono pokha."

Foniyo inaliranso kangapo masana amenewo, ndipo nthawi iliyonse omanga aja ankamuyang'ana mwachifundo n'kuyang'ana kumbali.

Dzuwa litapendeka, mayi wa mapulani anatsegula pulani yaikulu kuposa zonse, n'kuizunguliza uku ndi uku. Kompyuta inkangong'ung'udza pansipansi m'kabati mwake. Mayiyo anatsamira pa mpando.

"Mabwana ndakamba nawo kale. Ntchito ija ilipo. Uziyendera masayiti onse, galimoto ndi ya kampani, ndipo chipinda chogona uzipatsidwa chakochako. Ukaganize, koma usachedwe."

Tizala anathokoza. Ulendo wobwerera galasi sanatsitse.

Anafika kunyumba kukuyamba kuda. Amayi ake anali asanalawe kanthu chichokere iye. Anawadzutsa, kuwatsamiritsa pa pilo, ndipo analandira phala lonse kuchokera m'dzanja lake osamuyang'ana kumaso.

Nkhani ya ntchito anaiyambitsa pabalaza tsiku lopuma, mchimwene wake akuonera mpira, mlamu wake akusoka.

"Ndani wakugwira mwendo?" anatero mchimwene uja. "Pita. Ine sindinaletsepo munthu."

"Nanga amayi?"

"Amayi ali pakhomo pawo. Mlamu wakoyu alipo."

Makina osokera anaima. Mlamuyo anangoyang'ana nsalu imene inali pansi pa singano.

"Tikhoza kupeza munthu wowasamalira," anatero Tizala. "Ndizimulipira ndine."

"Mlendo azisambitsa amayi anga ine ndili moyo? Anthu ati chiyani?"

"Tingoyesa, achimwene."

Anakangana mpaka mpira unatha, ndipo pomaliza mchimweneyo anavomera monyinyirika. Tizala anapeza mayi wina wachikulire, wofatsa, amene anasamalirapo odwala ambiri. Anamusonyeza zonse: kawanyamulidwe, mbali imene amagonera, mmene amafunira madzi osamba. Koma amayi ake atangoona nkhope yachilendo anatseka pakamwa. Tsiku loyamba anakana kudya. Lotsatira analavula chakudya n'kulira ngati mwana. Tsiku lina mayi wachikulireyo atapita kukatenga madzi, amayi a Tizala anayesa kudzuka okha pa mpando kuti amuthawe, n'kugwa pansi, kuvulala pachipumi. Tizala ataitanidwa kuchokera ku shopu, anapeza mayiyo atanyamula kale kachikwama kake.

"Mwana wanga, ine ndasamalira ambiri," anatero, "koma awa sakufuna ine. Akufuna iwe. Ndisadzawaphe ndi njala."

Madzulo amenewo Tizala anakhala pa bedi akuwatsuka bala lija. Amayi ake ankamuyang'anitsitsa. Milomo inagwedezeka nthawi yaitali mawu asanatuluke.

"Pi... ta," anatero. "Pi... ta, mwa... nanga."

Koma dzanja lawo lamoyo lija linali litagwira mkono wake mwamphamvu, zikhadabo zikulowa m'khungu, ndipo silinamasuke mpaka anagona.

M'mawa mwake, asanalowe pansi pa masitepe, anaima panja pa shopu n'kuimbira mayi wa mapulani. Anafotokoza mwachidule.

"Ndamva, Tizala. Ndikanakhala ine sindikudziwa kuti ndikanatani."

Ntchito ija anapatsidwa munthu wina. Mayi wa mapulani sanamuiwale Tizala, ankauza anzake za iye, ndipo ku shopu kunayamba kubwera anthu ofuna timakompyuta tating'ono. Kunabwera wojambula mavidiyo a maukwati, kenako dokotala wa mano amene ankafuna yobisika kuseri kwa sikirini. Mchimwene uja analembetsa chikwangwani chatsopano chonena kuti pamenepo pali akatswiri a makompyuta aang'ono, n'kuikapo nambala yake ya foni. Anthu akabwera ankawalandira ndi manja awiri, kuwalonjeza zonse, kenako n'kukuwira kumbuyo. Tizala ankatuluka chowerama ndi tepi yake. Tsopano ankafunsa kaye kumene kompyutayo ikakhale, ngati kuli fumbi, ngati kumawomba dzuwa, asanafunse china chilichonse.

Masana ena, mchimwene wake atapita kukatenga katundu, anamva munthu akuodira pa kauntala. Mawuwo anali a mlamu wake, amene chikwatiwire anali asanalowepo kumbuyo kwa shopuyo. Anabwera ndi chakudya m'kambale kotsekera. Polowa anagunda mutu pa sitepe.

"Mayo! Alamu, ndiye mumakhala muno? Tsiku lonse?"

"Ndinazolowera. Amayi ali ndi ndani?"

"Agona. Ndapempha aneba awayang'anire pang'ono."

Anaika kambaleko pakona ya tebulo, n'kukhala pa katoni ya mapepala. Anayang'ana uku ndi uku, mawaya olendewera, fani ya pa msomali, kabokosi kotsegula kamene Tizala ankamanga. Pamwamba panadutsa mapazi okoka.

"Ameneyo ndi telala," anatero Tizala.

"Ndikumudziwa. Pafupi ndi iyeyo panali kachipinda kopanda munthu. Ine ndinkafuna ndiikemo makina anga, ndizisoka madiresi. Achimwene anu anati ndidikire ana akuleko. Ana atayamba sukulu, amayi anadwala."

Tizala anaika sikuludiraiva pansi. Zaka zonsezi ankagona nyumba imodzi, ndipo sanamufunsepo mlamu wakeyo chimene ankafuna pa moyo wake.

"Simunandiuzepo."

"Nanga ndikanakuuzani nthawi yanji? Inu mukamalowa ine ndimakhala nditatheratu."

Tizala anatsegula kambale kaja n'kudyako pang'ono, n'kumukankhira mlamu wake, nayenso anadyako.

"Simuchedwa?"

"Ndikhale kaye pang'ono. Muno mulibe wondiitana."

"Ndiye gwirani tochi iyi, mundiwunikire apa, pansi pa khadi. Pali kawaya kakundizemba."

Mlamuyo anasendera pafupi, mapewa awo akugundana poti malo anali ochepa. Anawunikira pamene anauzidwa, ndipo dzanja lake silinkanjenjemera, linali dzanja la munthu wozolowera singano. Anafunsa kuti fani ina ikuyang'aniranji pansi pamene inzake ikuyang'ana m'mwamba, ndipo Tizala anamufotokozera kuti ina imakoka mpweya, ina imautulutsa. Kawaya kaja kanalowa. Anayamba kumanga timabawuti, mlamuyo akumupatsira kamodzikamodzi.

Asanamalize, foni ya mlamuyo inalira. Anaiyang'ana, anali aneba. Anaisiya ilire kaye pa mwendo pake, kenako anayankha.

"Adzuka? Chabwino, auzeni ndikubwera."

Tizala anali atayamba kale kufufuza nsapato zake pansi pa tebulo.

"Ayi, tsalani mumalize," anatero mlamu wake. "Ndikawanyengerera mpaka muweruke. Akakana kudya ndikuimbirani."

Anatola kambale kake n'kutuluka atawerama bwino. Tizala anatsamiritsa tochi ija pa bokosi lina kuti iziwunikira yokha, n'kupitiriza kumanga chivindikiro.